Buku lomwe ndinatola pamulu wa malemu

Mpaka lero fungo la nkhuku yoola limandibwezera ku Midland, tauni ya kutsidya kwa nyanja komwe tinkakhala, chilimwe chomwe ndinali ndi zaka khumi. Dzuwa linkaotcha mpaka phula kufewa, ntchentche zikutitera pamilomo. Inali nyengo yoti khonsolo idzatenge zinthu zotayidwa, ndiye khomo lililonse linaunjika matiresi ndi mipando yothyoka m'mbali mwa msewu.

Mulu waukulu unali wa mzungu wokalamba woyandikana nafe, yemwe anali atangomwalira. Ana ake anakhuthula nyumba yonse akuseka ndi kumwa mowa. Pamulupo ndinatola buku lofewa, losokedwa ndi ulusi, lonunkha chuku ndi mkodzo wa mphaka. Linkayambira kumbuyo. Munali zithunzi za ku Japan, zomwe akatswiri osindikiza ndi matabwa ankajambulira ophunzira awo kuti azikopera: azibambo onenepa akusamba, nkhalamba zopanda mano, wina akuyasamula mpaka kummero kuoneka. M'mphepete, wophunzira wina anajambula dzanja limodzimodzi kambirimbiri, mphunzitsi wake n'kumamukonza ndi inki yofiira. Bukulo linkandinyansa, koma kulisiya ayi. Masana onse ndinkagona chafufumimba pansi pa fani, ndikukopera manja aja.

Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Atalipeza n'kumva komwe ndinalitenga, analinyamula ndi pulasitiki.

"Za malemu sitimangotola, Thoko. Wakugawira ndani?"

"Ataya okha eni ake," ndinayankha m'Chingelezi.

"Kutaya si kugawa."

Analiponya m'bini, pamwamba n'kukhuthulirapo matumbo a nkhuku zomwe ankakonzera chakudya cha kutchalitchi. Bambo anali kumgodi, panalibe wondipepesera. Sabata imeneyo amayi ankapuma pakhomo, ndiye ndinadikira, bini ikupsa padzuwa.

Tsiku lomwe anabwerera kuntchito ndinathamangira kukaitsegula. Fungo linandimenya kumaso. Mphutsi zinali zitadzaza, zikuyenda pamimba pa azibambo osamba aja. Ndinapisa dzanja n'kukoka, koma mapepala anangophwanyika ngati phala, inki yofiira itasakanikirana ndi magazi. Ndinasanza pakapinga. Madzulo ake chakudya chinandikanika, ndipo ndinene zoona, amayi anandinyansa kuposa mphutsi zija.

Nditakula, kuyunivesite ku Crawley, osunga mabuku akale anandionetsa buku lofanana ndi lija, atandiuza kuti ndiyambe ndasamba m'manja. Ndinaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Ndili mwana ndinkati amayi ankaopa mizimu ya m'mapepala. Lero ndikudziwa kuti kuntchito ankaona ana a anthu akulongedza katundu wa makolo awo omwalira m'matumba akuda bedi lisanazizire n'komwe. Chomwe chinawanyansa si buku, unali mulu uja, ndi mwana wawo akufukulapo. Zimenezo ndinazimvetsa. Koma wophunzira uja ankayesetsa kuti dzanja limutheke, ndipo ine ndekha ndi amene ndinatsala ndikumudziwa.