Amayi m'Kompyuta ya Wojambula wa pa Mitundu

Amayi anamwalira osasiya chithunzi. Tinazindikira zimenezi kutatsala milungu itatu kuti tivundukule chiliza chawo, achemwali anga atanena kuti nkhope ya amayi iikidwe pa malaya amene abale tidzavale tsikulo. Tinafunafuna m'masutikesi, m'mafoni, mpaka m'Baibulo lawo. Panalibe. Kenaka ndinakumbukira ukwati wa achemwaliwo. Tsiku limenelo wojambula wina wa pa Mitundu anazungulira bwalo lonse ndi kamera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinati sizingatheke kuti anaphonya amayi a mkwatibwi.

Lolemba ndinakwera njinga yamoto kuchoka pa Nathenje, pamene ndimagwira ntchito yotaipa makalata, ndipo ndinafika pa kashopu kake ndili mbuu ndi fumbi. Munthu ameneyo mpaka lero ndikamuganiza ndimapsa mtima. Ndinamupeza atakhala mwendo pamwamba pa unzake, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Zithunzizo zilimo, achimwene," anatero akuloza kompyuta ndi mlomo. "Koma pamene zili, kaya. Komanso yadzaza imeneyi. Loweruka ndifufuta zonse, maukwati ayandikira."

Ndinasuzumira. Mafoda ake anali ndi maina monga "zatsopano", "zatsopano zenizeni", "zina", "zinanso". Mu foda yolembedwa "osafufuta" munalibe kanthu. Zithunzi zinali zosawerengeka, zopanda maina, manambala okhaokha. Ndinapempha kuti ndikhale pansi ndifufuze ndekha.

"Iyayi, makasitomala akudikira. Mphindi zisanu ndingakupatseni, basi."

Pakhomo pake panalibe kasitomala ngakhale mmodzi, kupatula mbuzi imene inkanyambita khoma.

Ndinabwerera ku Nathenje ndikutukwana chamumtima, ndipo ndinalemba sikiriputi. Ndi timizere tochepa ta malamulo timene kompyuta imawerenga ndi kutsata yokha. Yanga inkati: lowa mu foda iliyonse, ona tsiku limene chithunzi chinajambulidwa, ngati ndi mwezi wa ukwati uja, kopera pa fulashi. Ndinaiyesa pa kompyuta ya kuntchito, inagwira bwinobwino. Kunena zoona ndinadzimva, ndinayenda mogwedeza mapewa tsiku lonse.

Lachitatu ndinabwereranso ku Mitundu. Ndinalowetsa fulashi, ndinayambitsa sikiriputi ija. Manambala anathamanga pa sikirini, kenaka zii. Pa fulashi panalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Wojambula uja anaseka mpaka kutsokomola.

"Mukudalira deti? Kamera yanga siidziwa deti, achimwene. Magetsi akazima ndimachotsa batire kukatchaja kwa anzanga a sola. Ndikabwezera, imayambiranso chaka chimene inapangidwa."

Ndiye kuti maukwati onse, maliro onse, ana onse amene anajambula pa zaka zonsezi, kwa kompyutayo zinachitika tsiku limodzi.

"Nanga bwanji simunandiuze Lolemba, bambo?"

"Munandifunsa?"

Manja anandiyabwa, koma ndinadzigwira. Ndili chiimire ndinafufuta mzere wa deti uja, kuti ikopere chithunzi chilichonse chimene yapeza. Fulashi yanga inachepa, ndinathamangira pa golosale yoyandikana nayo kukagula yaikulu. Mphindi zisanu zija zinasanduka maola awiri. Iye ankang'ung'udza, ine nditaima kutsogolo kwa soketi ngati mlonda, ndipo ndinamuuza mosabisa kuti akakhudza chingwecho tionana.

Masiku awiri ndinakhala ndikuyang'ana miyoyo ya eni ake: akwati osawadziwa, makanda, azibambo atatsamira mabelo a fodya, ena atagwirira njinga zatsopano. Lachisanu masana ndinaupeza ukwati wathu.

Ndinadziona ndekha. Ine nditavala suti yobwereka. Ine ndi magalasi akuda. Ine nditanjuta. Ine foni ili kukhutu, pomwe panalibe amene ankandiimbira. Amalume a kutauni analipo, akazi awo analipo, ngakhale galimoto yawo inajambulidwa kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinabwereza katatu, pang'onopang'ono. Amayi munalibe.

Ndinawapeza pa ulendo wachinayi, pa chithunzi changa chomwe. Ine ndili patsogolo, mano onse panja. Kuseri kwa phewa langa, m'mphepete mwenimweni, kuli msana wa mzimayi atasenza ndowa ya madzi, akulowera kumene ankaphikira. Chitenje chobiriwira chija ndikanachizindikira paliponse. Nkhope siikuoneka.

Ndinamuimbira foni wojambula uja.

"Tsiku lonse lija, bambo, munalephera kujambula amayi a mkwatibwi?"

"Achimwene, ine ndimajambula amene atchena, amene adzagule chithunzicho. Azimayi a kophikira sagula. Mukanawaitana inuyo."

Ndinadula foni. Ndinkafuna ndimutukwane, koma sananame. Ndikukumbukira bwino mmene ndinkamukodolera tsiku lija, jambulani apa, jambulaninso apa. Amayi anandidutsa kangati ndi ndowa ija? Pakamwa panga sipanatuluke mawu oti, amayi, tulani kaye, bwerani muime nane. Ndinakwiyira wojambula sabata yathunthu, kamera yake, mafoda ake opusa, koma mkwiyo umene unatsala nane ndi umenewu, wodzikwiyira ndekha.

Malaya a pa chiliza tinangolembapo dzina. Chithunzi chija ndinachidula pa kompyuta, ndinadzichotsapo ndekha, ndipo ndinasindikiza kachigawo kotsalako. Nditawapatsa achemwali anachitembenuza uku ndi uku.

"Ameneyu ndani?" anafunsa.

Anayang'anitsitsa chitenje chija, kenaka anakhala pansi pa dothi pomwepo, atagwira pakamwa.