Wayilesi Ataphunzira Kukhala Chete

Kusukulu kumene anaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ankamutcha Wayilesi, ndipo sanamunamizire. Mayi ameneyu akayamba kulankhula, ngakhale ahedi ankangoyang'ana wotchi n'kudikira kuti mabatire athe. Chodabwitsa n'chakuti anthu amavuto ankathamangira kwa iye yemweyo: mtsikana wotenga mimba, mphunzitsi wokonda mowa, kholo la mwana wothawa sukulu. Iye ankawadula pakamwa, kuwakalipira, kuwauza zochita, kenako n'kuwaperekeza mpaka pageti. Ambiri ankachoka mtima utapepuka.

Mwamuna wake atamwalira, ana atakula, anasiya choko n'kukalembetsa digiri yachiwiri ya uphungu ku yunivesite. Mlongo wake anamuseka kuti akukaphunzira ntchito yomwe wakhala akuigwira ulere moyo wake wonse. Chaka choyamba chinamuwawa. Aphunzitsi ake, ena a msinkhu wa ana ake, ankamuuza chinthu chimodzimodzi: amayi, mumalankhula kwambiri. Mlangizi saweruza, sadula munthu pakamwa, sauza munthu zochita. Amamvetsera, n'kumubwezera munthuyo mawu ake omwe kuti adzimve yekha. Ndipo zomwe wamva m'chipinda zimathera momwemo.

Wayilesi anali wamakani, choncho kukhala chete anakuphunziranso mwamakani. Ankaluma lilime mpaka kumva kuwawa. Pofika chaka chachiwiri ankatha kukhala mphindi zitatu osatulutsa liwu, manja ali pamiyendo, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono. Zimenezi ankazinyadira kuposa satifiketi iliyonse yomwe anali nayo.

Anamutumiza kukaphunzira ntchito pachipatala china, m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde komwe kale ankasungiramo mabulangete. Munali mipando iwiri ya pulasitiki, katebulo, ndi zenera lomwe linasiya kalekale kutseguka. Lamulo la sukulu linali lakuti munthu akavomera, zokambirana zizijambulidwa pa foni, ndipo Lachinayi lililonse azikazimvera limodzi ndi womuyang'anira, mayi wochepa thupi, wosaseka wamba, yemwe onse ankangomutcha a Dokotala.

Mwa anthu omwe ankabwera kwa iye munali kalipentala wina, bambo waulemu, wovula chipewa polowa. Anamwino ndi omwe anamutumiza chifukwa tulo tinamuthawa. Mkazi wake anali atamusiya n'kukachita lendi kwina ndi ana. Masabata anayi oyamba bamboyu ankalira, kutukwana, n'kupepesa. Ananenapo kuti mkaziyo anangomumenyapo kawiri basi. Sabata lachisanu, Lachitatu, analowa atameta ndevu, malaya atasitidwa bwino. Anati tsopano mtima wake wakhala pansi, mkaziyo wamukhululukira, ndipo sabweranso chifukwa chochita wachidziwa. Wayilesi anagwedeza mutu monga anaphunzirira. Bamboyo atatuluka, Wayilesi analemba m'fayilo kuti munthu wapeza bwino, ndipo kunena zoona anangotsala pang'ono kuvina.

M'mawa mwake anaika foni patebulo la a Dokotala ngati mwana wobwera ndi lipoti labwino. A Dokotala anamvetsera atatsinzina. Patapita nthawi anatukula chala, natenga foniyo n'kubweza mawu m'mbuyo pang'ono. Kalipentala anamvekanso pa fonipo akulankhula mofatsa, mosathamanga.

"Nyumba yake ndinaiona, amayi. Lachinayi sapita kuntchito, amakhala akukolopa, ana ali kusukulu. Koma chitseko chakecho anamubera, matabwa ake ndi ofewa."

Zitatero pa foni panangoti zii. Kukhala chete kumeneko Wayilesi anakuzindikira. Kunali kwake, kwautali, kosalala, monga mabuku amanenera. Kenako anamva mawu ake omwe akuti, "Ndikumva kuti mwapeza mtendere."

A Dokotala anatsegula maso. Anafunsa, mosakweza mawu, ngati anamufunsa bamboyo chomwe akuti wachidziwacho. Wayilesi anayankha kuti ayi, sanafune kumutsogolera, popeza ndi momwe anamuphunzitsira.

"Tinakuphunzitsaninso kuti chinsinsi chimatha pamene moyo wa munthu uli pangozi," anatero a Dokotala. "Munthu wokhululuka amaloweza tsiku lomwe mkazi amakhala yekha pakhomo? Amayi, lero ndi lachingati?"

Linali Lachinayi. Wayilesi anachita mantha, komanso manyazi oopsa. Iye wakale uja, wachoko m'manja, sakanadikira n'komwe kuti bamboyo amalize. Akanamufunsa pomwepo kuti ukukasaka chiyani pakhomo pa mkazi woti anakukana. Zaka ziwiri anavutika kupha pakamwa pakepo, ndipo anakwanitsadi.

Panalibe nthawi yodzimvera chisoni. A Dokotala anali atanyamula kale foni ya muofesi kuimbira apolisi, dzanja linalo likuloza fayilo. Wayilesi anayamba waimbira kalipentala. Foni yake inali yozimitsa. Anatembenuza mapepala mpaka anapeza fomu yomwe bamboyo analemba tsiku loyamba. Pamalo a munthu woimbiridwa pakagwa vuto panali nambala ya mkazi wake, ndi dera lomwe ankakhala. Analiwerenga deralo mokweza kuti a Dokotala auze apolisi, kenako anaimba.

Inaitana kanayi. Anayankha mayi wa mawu achitsikana, akupumira m'mwamba ngati munthu woti anali atawerama. Wayilesi ananena kuti akuimba kuchokera kuchipatala, ndipo nkhani yake ndi ya amuna ake.

"Bambo a anawa? Ali panja pano, angofika kumene. Akuti abwera kudzapepesa. Atenga ndi zida zawo, ati andikonzere chitseko. Dikirani ndiwatsegulire mulankhule nawo."

Wayilesi anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo kwake.

"Musatsegule. Mwandimva, mwananga? Musatsegule. Kokani tebulo mutchinge pachitsekopo, mupite pazenera la kuseri mukuwe kuti aneba amve. Apolisi akubwera."

Mayiyo anayankha monong'ona kuti amunawo sakuoneka okwiya ayi, avala bwinobwino, ndipo akugogoda mwaulemu. Wayilesi anakumvadi kugogodako pa foni, kofatsa, katatu, ngati kwa mlendo wodzafunsa njira. Anabwereza zomwe ananena zija, akumupempha, akumulamula. Anamva miyendo ya tebulo ikukhukhuluzika pasimenti.

Kugogoda kunasiya. Kenako kunamveka chitsulo chikulowa pakati pa chitseko ndi felemu.