Tinkati ndi ulemu wa m'chikuta

Mwana wanga wachisamba atabereka mwana wake woyamba, ndinamutenga kuti adzakhale kwathu ku Chinsapo. Mwamuna wake ndi wakabaza, amalawirira m'mamawa, ndiye ku Biwi kumene amachita lendi kunalibe womuyang'anira.

Kwathu mayi akabereka amakhala m'chikuta mpaka mchombo wa khanda utagwa. Satuluka panja, ndipo alendo salowamo wamba. Ndinamuyalira kuchipinda kwanga n'kutseka katani. Iye anangokhala phee, maso kukhoma. Amayi a kumpingo akabwera ndi sopo ndi ufa, ankasuzumira pakhomo n'kumandiyamikira.

"Mwalera bwino, amayi. Ana a masiku ano akangobereka, mawa lake ali pa foni. Uyu akudziwa mwambo."

Ine mumtima ndinkanyadira.

Mchombo unagwa, khanda tinalitulutsa panja, koma mayi wake sanasinthe. Likalira, ankangoliyang'ana ngati la eni. Kuyamwitsa, mpaka ine ndimuikire pabere. Kulibereka kumsana ndiye ayi. Tsiku lina ndikuchapa matewera, anadzaima pambali panga n'kunena chapansipansi.

"Amayi, mwanayu mumutenge ndinu. Ine sindikumva kalikonse mumtimamu. Bola ndikanapanda kukhalapo."

Ndinasiya kuchapa. Ndinadziwa kuti ndingathe kutaya mwana wanga ndikumuona.

Apongozi ake anabwera kuchokera ku Kauma n'kunena kuti pali wina wamuchita chipongwe. Mkamwini wanga anakhala pakhonde atagwira chisoti chake, n'kumandifunsa, "Amayi, ndalakwa chiyani ine?" Ndinasala kudya, ndinagwada, ndinalira pamaso pa Mulungu.

Tsiku la sikelo litafika, khanda ndinalibereka ine. Namwino wina wachikulire atationa anaseka.

"Agogo, mwatilanda ntchito! Nanga mayi wakeyu msana unathyoka?"

Amayi onse pamzerepo anaseka, koma mwana wanga sanaphethire n'komwe. Namwino uja anasiya kuseka. Anamugwira dzanja n'kulowa naye m'kachipinda, ndipo anakhalitsamo. Kenako anandiitana.

"Amayi, awa ndi matenda, si ufiti kapena ulesi. Anthu ofufuza za maganizo apeza kuti kukhumudwa kotereku kumagwira amayi ambiri akangobereka, ndipo kumachizika. Pali mapiritsi, koma mankhwala ena ndi kulankhula. Azibwera kudzacheza ndi mlangizi wathu."

Ndinafunsa mwamantha, "Ndiye ndisiye kupemphera?"

"Pempherani kwambiri, koma muzibwera nayenso kuno. Ndipo kunyumbako musamusiye yekha m'chipinda. Tsegulani katani."

Nditafika kunyumba, katani ija ndinachita kuichotseratu.

Sanachire msanga, ndisanamepo. Ankapita kukakhala ndi mlangizi pamodzi ndi amayi ena pansi pa mtengo kuseri kwa chipatala, ine n'kumadikira ndi khanda. Zimene ankakambirana sankandiuza. Mlangiziyo ankamupatsa tintchito ting'onoting'ono: lero kusesa pakhomo, mawa kukagula tomato pamsika. Masiku ena ankachita, masiku ena ankabwerera pamphasa, ine mtima n'kugweratu. Mapiritsi poyamba ankamuchititsa chizungulire, apongozi ake n'kumati, "Mwaona?" Koma mwamuna wake sanaleke kumutenga pa njinga tsiku lake likakwana.

Mvula itayamba, Lamlungu lina tikukonzekera kutchalitchi, ndinawerama kuti ndibereke khanda monga mwa masiku onse. Ndikumanga chitenje, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Amayi, mwamanga bwanji pamenepo? Mutu wa mwana ukulendewera. Bweretsani kuno."

"Iwe, ndinakubereka ndine kumsana komweku, lero undiphunzitse?"

"N'chifukwa chake khosi langa linapindika," anatero, n'kuseka pang'ono. Chibwerere kwathu, kanali koyamba kumva kuseka kwake.

Anawerama, ndinamuikira khanda pamsana, iye n'kumanga yekha. Linagona tsaya lili pakhosi pake. Panjira yonse ya matope ija ndinkayenda pambuyo pawo, misozi ikutsika, ndikuthokoza Ambuye chifukwa cha namwino amene anasiya kuseka.

Masiku ano ndikapita kukaona wobereka kumene, sindiima pakhomo. Ndimalowa, ndimakhala naye pamphasa, n'kumufunsa, "Nanga iweyo, mumtimamu muli bwanji?"