Apenisa ndi Mlendo wa Pakati pa Sitima

Apenisa wa ku chilumba cha Kadavu anakalambira pa sitima imodzi yonyamula anthu okaona zilumba, ntchito yake kupala dzimbiri ndi kupaka penti. Eni ake anasintha, dzina linasinthanso, koma iye ankangoitchula kuti Mayi.

Chaka china sitimayo anaikokera kumtunda, n'kuidula pakati ngati chinangwa, n'kulowetsapo chigawo chatsopano chokhala ndi zipinda komanso dziwe losambiramo. Mainjiniya atamaliza kuwotcherera, Apenisa anakana kwamtuwagalu kupondapo.

"Ameneyu ndi mlendo, ndipo palibe wamulandira," anatero, poti kwawo mlendo amamulandira ndi chakumwa chotchedwa kava.

"Achimwene, chitsulo chinayamba liti kumwa kava?" anamuseka Litia wochapa zovala.

"Iwe umamwa bwanji, mutu wako uli wouma kuposa chitsulo?"

Apenisa anasungunula kava m'beseni, nakhala pansi pamzere wowotchererawo, nawomba m'manja monga amachitira kwawo, nathira chikho choyamba pachitsulopo. Wotsalayo anamwa onse, ndi Litia yemwe.

Apenisa anapuma ntchito kalekale, ali kumudzi akulima zilazi. Koma mpaka lero antchito a sitimayo, ngakhale amene sanamuonepo, akafika pamzerewo amayamba anena odi asanadutse.