Mzungu amene ankafa Loweruka lililonse

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anamira m'nyanja ya Chia. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mayi ankandituma kukagulitsa zitumbuwa pa chisakasa cha a Sefu, pomwe anthu ankaonera kanema masana, jenereta ikulira kuseri. Ine wopanda ya pakhomo ndinkangosuzumira pa mpata wa bango.

M'makanema a ku Amereka aja munali mzungu wina wadazi, wa chipsera patsaya. Sanali mwini filimu ayi. Ankangoima kumbuyo kwa bwana wa zigawenga, duu, osayankhula. Tsiku loyamba anamuwombera, nagwa chagada, maso ali tong'o. Ndinaona ndi maso angawa.

Loweruka lotsatira, uyo! Yemweyo, akuyendetsa galimoto ya bwana wina, ndipo anapsera momwemo. Kenaka anali mlonda, anamuponya m'madzi.

Kwathu ndani sankadziwa za ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga, wodulidwa lilime, wogwirira ntchito anthu olemera? Nanga uyu wosayankhula, womangofa n'kudzukanso kukatumikira bwana wina, anali chiyani? Chonsecho mtembo wa bambo sunapezeke, ndipo anthu ankanong'ona za chuma cha a Sefu. Ndinayamba kuopa kuti tsiku lina ndidzaona bambo m'bokosi la kanema lija, ataima kumbuyo kwa bwana, osatha kunditchula dzina.

Chakudya chinaleka kulowa. Kusuzumira ndinkaopa, kuleka ndinkalephera. Tsiku lina ndili chisuzumire, dzanja linandigwira phewa. A Sefu! Beseni linagwa, zitumbuwa mbwee mumchenga.

"Musawaike bambo anga m'bokosi!" ndinakuwa.

"Iwe Mwanaisha, wati chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse. Sanaseke. Anthu atatuluka anandilowetsa, naika tepi yakale, kenaka ina yatsopano. Mu yoyambayo mzungu uja anali mnyamata wa tsitsi lambiri. Mu inayo dazi, mimba, makwinya.

"Wakufa amakalamba?" anandifunsa. "Uyu ali pantchito, mwanawe. Ntchito yake ndi kugwa kuti mnzake aoneke ngwazi. Akamaliza kujambula amadzuka, kusasa fumbi, ulendo kwa mkazi wake. Wakalambira ntchito imeneyi."

Anandilozera dzina lake, tizilembo ting'onoting'ono ta kumapeto, tomwe timadutsa anthu atatuluka kale.

"Nanga bambo?"

"Bambo ako ali kwa Allah. Palibe amene akuwagwiritsa ntchito."

Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, mpaka a Sefu anandiperekeza kunyumba, beseni atanyamula okha. Panthawiyo sindinkadziwa chondiliza, popeza mantha anali atatha. Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo ndikuchidziwa: pa bango paja ndinkanjenjemera inde, koma ndinkasuzumira kuti ndiwaonenso bambo, ngakhale opanda lilime.

Loweruka lotsatira mzungu uja anabweranso, atavala za apolisi. Bambo sanabwere.