A Misheck ndi Lolemba la Pasaka

Alongo anga a Misheck Mtonga anayamba kuyendetsa ngolo ku Magodi ndevu zisanamele. Fodya, chimanga, njelwa, odwala, ngakhale malilo, zonse zakwelapo ngolo yawo. Ng'ombe zawo zinali ziwili, Bantomu ndi Kaputeni, ndipo ankazikonda kuposa ife abale awo, sindinama. Koma munthu uja ngwouma mutu. Akagwila mawu a malemu adada, olo muwabweletsele abusa, sasuntha.

Mawu amene anagwilitsitsa ndi akuti Pasaka ikapita, mtsinje wagona. Pakati pa mudzi wathu ndi chipatala pali mtsinje wopanda mlatho. Mvula ikakhwima ngolo siwoloka, ndipo adada ankayambanso kuwolotsa Lolemba lotsatila Pasaka. A Misheck anangotengela zomwezo, osafunsa kuti Pasakayo imabwela liti.

Ine ndinafunsa, poti ndine wa kwaya, ndipo chaka chimenecho anatiyambitsa msanga nyimbo za kuuka kwa Ambuye. Abusa anati Pasaka ilibe tsiku lakelake ngati Khilisimasi. Imadikila mwezi wa kumwamba: ukakhala wathunthu kuyambila pa 21 Malichi kupita m'tsogolo, Sabata lotsatila ndiye Pasaka. N'chifukwa chake chaka china imagwa kumapeto kwa Epulo chimanga chitauma, chaka china mu Malichi mvula ikadagwa. Ya chaka chimenecho inali ya mu Malichi, ndipo nditamva mtima unandigunda.

Unandigunda chifukwa cha Jemima, mwana wawo mmodzi yekhayo. Anali ndi pakati poyamba, patatopa kale, mwamuna wake ali kuntchito ku Lusaka. Anamwino anali atanena kuti mwana wagona mopingasa, Jemima akadikilile kuchipatala. A Misheck anati tidzapita Lolemba la Pasaka. Ndinawafotokozela za mwezi zija, ndinawachondelela kuti tizungulile kumsewu waukulu ngakhale kuli kutali. Anandiseka, ati awolotsa zaka zonsezi, ine ndi tinyimbo tanga ndiwaphunzitse chiyani. N'zoona, Pasaka inafulumilapo zaka zina, koma nthawi zimenezo mvula inali italeka msanga. Mwayi iwo anauyesa nzelu.

Sabata la Pasaka kwathu kunawala dzuwa, koma kumtunda kumene mtsinje umachokela kunali bii. Ndinaimba ndi pakamwa pokha, maganizo ali kumtsinje.

Lolemba m'mawa tinamugoneka Jemima pamatilesi m'ngolo, ine pambali pake. Pamtsinje tinapeza madzi ofiila atanyamula mapesi ndi nthambi, mwala umene timachapilapo zovala osaoneka n'komwe. Ng'ombe zinaima zokha. A Misheck anayang'ana madzi, n'kuyang'ana ine, ndipo ndinaona kuti nawonso akuopa. Koma kubwelela kukanakhala kuvomela kuti adada analakwa. Anakweza chikoti.

Madzi anafika m'mawondo mwa ng'ombe, kenako m'mimba, kenako analowa m'ngolo n'kunyowetsa matilesi. Jemima anandifinya dzanja mpaka zikhadabo kundilowa, osalila, maso okha ali tong'o. Ndinamva mawilo akusiya pansi. Ngolo inayamba kutembenuka pang'onopang'ono, ndipo Kaputeni, amene anali chakumunsi, anatelela n'kugwa, goli likukokela Bantomu ndi ife tonse kozama. Ndinayamba kupemphela m'Chitumbuka cha amama, mawu osalumikizana, Chiuta, Chiuta basi.

A Misheck anali m'madzi ofika pachifuwa. Anasolola chikwanje m'ngolo n'kudula chingwe cha m'khosi mwa Kaputeni. Ng'ombe ija inadzutsa mutu kamodzi kokha, madzi n'kuitenga. Pamalo pake pagoli analowapo iwo eni, phewa pansi pa mtengo, akukuwa dzina la Bantomu mpaka mawu kusasa. Mmene tinafikila tsidya lina sindidziwa mpaka lelo. Ndimangokumbuka mawilo akugwilanso mchenga.

Pagombe a Misheck anagwila m'mbali mwa ngolo n'kusuzumila mkati.

"Jemima mwana wanga, ulipo?"

"Ndilipo, adada. Koma mwana sakusuntha."

A Misheck anabwelela pagoli paja, ndipo munthu ndi ng'ombe anatikoka mpaka kuchipatala, ine dzanja lili pamimba pa Jemima njila yonse, osamva kanthu. Anamwino atamuyeza anaitana ambulansi ya ku boma kudzamutenga. A Misheck anatsala panja atakhala pansi ndi zovala zonyowa, ndipo anakana ngakhale madzi akumwa kufikila foni italila madzulo: Jemima amuchita opaleshoni ndipo ali bwino, wabadwa mwana wamwamuna, akupuma. Analila ngati mwana pamaso pa anthu, ine ndinalibe mphamvu ngakhale zowakalipila.

Mnyamatayo ndi Lukundo, pano akuthamanga kale pabwalo. Phewa la agogo ake silinabwelele m'malo mwake. Lukundo akakweza manja kuti amunyamule, iwo amagwada pansi n'kumukumbatila ndi dzanja limodzi. Ngolo akuyendetsa ndi mphwawo, Bantomu atamupezela mnzake wina.

Chaka chilichonse mvula ikakhwima a Misheck amabwela kwanga, n'kuima pakhomo ngati mlendo.

"Mlongo, chaka chino Pasaka ili liti?"

Ndimawauza. Amagwedeza mutu, kenako amatsikila kumtsinje kukaona ngati mwala wochapila uja waoneka.