Kamera ya Mdala wa Kuseri kwa Msika

Ndinayamba ntchito yojambula ndi kakamera kolowa m'thumba la malaya. Ndinkapalasa njinga kuchoka kwathu ku Zemba kupita kulikonse kumene kunali ukwati kapena ubatizo. Mafoni atachuluka, zinthu zinayamba kuvuta. Mayi wina anandiuza maso ndi maso kuti, "Zanuzi sizikusiyana ndi za pafoni ya mwana wanga." Apa m'pamene ndinaganiza zosaka kamera yaikulu, ija yosintha malenzi. Yodula ya atolankhani sindikanaikwanitsa, ndinkangofuna yapakatikati.

Ku Chipata ndinapitako. Anyamata a m'mashopu ankatamanda iliyonse imene ndaloza, ndipo mawu ake anali amodzimodzi. Ndinabwerako chimanjamanja.

Paboma pa Chadiza panali mdala wina, wojambula wakalekale, amene anali ndi kasitudiyo kuseri kwa msika. Iye ndi ine sitinkamwerana madzi. Ankauza anthu kuti zithunzi zanga zimasuluka msanga, ndipo maukwati angapo anandilanda ndi pakamwa pakepo. Tsiku lina ndikudutsa pamsikapo ndikucheza ndi mnzanga, ndinamva akundiitana.

"Iwe wa ku Zemba! Ndamva ukufuna kamera. Bwera udzaone yanga."

"Yomwe mumagwirira ntchito ija, akulu?"

"Yomweyo. Ndikugulitsa."

"Nanga inuyo muzijambulira chiyani?"

"Zimenezo n'zanga."

Mtengo umene anatchula unali wotsika moti ndinayamba kukayika. Nditafotokozera mkazi wanga, anasiya kusenda mtedza n'kundiyang'ana.

"Bambo a mwana, munthu wosakufunirani zabwino angakupatseni khasu lake? Chinthucho chinafa m'kati. Apo ayi, waikamo zake zoti anthu azikuthawani."

Ndinabwerera kwa mdala uja n'kumuuza kuti sindingagule ndisanaiyese, andibwereke ndikajambulire ukwati wa ku Pembamoyo. Ndinkayembekezera kuti akana. Iye anangokoka chikwama pansi pa tebulo n'kundipatsa, ndipo chikayiko changa chinakula.

Nditafika kunyumba, mkazi wanga anakana kuti ilowe kuchipinda, choncho ndinaiunikira pakhonde. Ndinamasula lenzi n'kuyang'anitsa padzuwa ngati munali chuku. Ndinaigwedeza pafupi ndi khutu. Ndinatsegula pa batire, mpaka kununkhiza. Ndinasanthula timatumba tonse ta m'chikwama, koma ndinangopezamo kansalu kopukutira ndi chotokosera m'mano.

Paukwati paja ndinanyamula makamera onse awiri. Chithunzi chilichonse ndinkajambula kawiri, mpaka ankhoswe anadandaula kuti ndikuchedwetsa anthu. Nditakatsukitsa, za kamera yaikulu zija zinatuluka mwakuti ulusi wa velo ya mkwatibwi unkaoneka umodziumodzi, anthu akumbuyo atazimiririka bwinobwino. Ndinafunafuna cholakwika koma sindinachipeze. M'malo mosangalala ndinakwiya, chifukwa ndinkaona kuti msampha ulipo koma ine sindikuuona.

Ndinapita nayo kusitudiyo kuja. Ndinkafuna andifotokozere kabatani kena, ndiye ndinayatsa kamera n'kumupatsa. Pagalasi lakumbuyo panali chithunzi cha ngolo ya ng'ombe imene ndinajambula panjira pobwerera. Mdala anaibweretsa pafupi ndi mphuno, kenako n'kuitalikitsa.

"Eya, mkwatibwi watuluka bwino," anatero.

Ndinakhala chete. Ndinamuyang'ana m'maso, zimene ndinali ndisanachitepo chiyambire kudana kwathu. Munali mbuu, ng'ala itayala konsekonse. Iye anamva kuti chete wangayo watalika.

"Si mkwatibwi eti?"

"Ndi ngolo, akulu."

Anaika kamera patebulo pang'onopang'ono. "Ukwati womaliza anandibwezera zithunzi. Ena ndinawadula mitu. Tsiku lija pamsika ndinakuzindikirira mawu, osati nkhope." Kenako anakweza chala. "Usakauze anthu."

Ndinagula tsiku lomwelo, ndipo sindinauze wina aliyense kupatula mkazi wanga. Situdiyo anaitseka, anthu n'kumati mdala wapuma. Maukwati anayamba kundipeza okha, ena ochokera mpaka ku Mlolo.

Chaka chotsatira, titangomaliza kukolola, ndinamva kuti ana ake anamutengera kuchipatala ku Chipata kukapalitsa maso. Diso limodzi linatseguka. Pasanapite nthawi ndinapeza chitseko cha situdiyo chapakidwa penti, mdala ali pakhomo, m'khosi mwake mukulendewera kamera yatsopano, yoposa yanga ija.

"Iwe wa ku Zemba," anandiitana akumwetulira, "kachikale kaja kakugwirabe ntchito?"

Ndinamuyankha kuti ikugwira. Ndili panjinga kubwerera kwathu ndinkangodzifunsa ngati mdala uja ankadziwa kale kuti maso akewo ndi ochizika, ndipo ankangofuna pomutayira kamera yakale. Kufikira lero sindinamufunse, ndipo ndikudziwa kuti ngakhale nditamufunsa sangandiuze zoona.